Chaka Chimene Chimanga Chakale Chinakumana ndi Chatsopano

Ndinakwatiwa kumudzi wina wa kufupi ndi Chamama njala yaikulu ija itangodutsa kumene. Ndinapita ku chitengwa, ndipo banja lathu tinaliyambira pakhomo pa apongozi anga aakazi, mayi wamasiye, wamfupi, woyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto. Amuna anga ankalima fodya wa bale pamunda umene bambo awo anawasiyira. Anali ndi mchemwali wawo mmodzi yekha, mlamu wanga, yemwe ankagwira ntchito yophika kumalo ogona alendo ku Lifupa ndipo ankabwera kumudzi mwa apo ndi apo.

Za njala ija apongozi sankakonda kukamba. Ndinangomva kwa ena kuti anadyako zitsa za nthochi ndi gaga wosakaniza ndi mizu ya kudambo. Koma munthu ankatha kuiona njalayo m'manja mwawo. Njere ya chimanga ikagwa pansi, ankawerama n'kuitola ngakhale ali pakati pa nkhani ndi mlendo, n'kuimanga pakona pa chitenje.

Kenaka kunabwera makuponi a feteleza ndi mbewu zotsika mtengo. Ndimakumbukira amuna anga akutulukira pa njira ya kumsika akukankha njinga, matumba atamangidwa pakaliyala ndi pafulemu, thukuta lili noninoni, akuseka okha. Chaka chimenecho tinabzala chimanga cha haibulidi munda wonse wa kumtunda. Apongozi anakana kusiyiratu chamakolo, ndipo anabzala chawo kuseri kwa chigafa cha fodya. Mvula inagwa bwino. Pokolola, ngolo inapita n'kubwera mpaka ng'ombe zinayamba kukana goli. Nkhokwe inadzaza ndi chamakolo, ndipo haibulidi yense tinatonola, kuthira mankhwala, n'kusokera m'matumba. Zala zinatupa ndi kutonola, koma tinkaimba.

Nyumba ya apongozi inali ya njerwa zootcha, yamalata, yomangidwa ndi ndalama za fodya malemu apongozi aamuna adakali moyo. Chipinda cha kumapeto, chimene anati chidzakhala cha alendo, ndicho chinasanduka mosungira chimanga. Apongozi anagula loko, kiyi wake n'kumumangirira pa chingwe cha m'khosi. Ndikafuna kupita kuchigayo ndinkagwada n'kuwauza, iwo n'kutsegula, kutapa m'thumba la pafupi ndi chitseko, kutsekanso. Mkati mwenimweni sindinkalowamo.

Chaka chotsatira kuponi inapezekanso, mvula n'kugwanso bwino. Apa mpamene panachitika chinthu chimene ine chibadwire ndinali ndisanachione. Tikuyamba kukolola, m'chipinda muja munali mudakali matumba a chaka chatha, osatsegula n'komwe. Chimanga chakale chinakumana ndi chatsopano.

Apongozi sanathe kuugwira mtima. Lamulungu potuluka m'tchalitchi ankakoka amayi anzawo, ati akamwe madzi kunyumba, koma akafika ankawapititsa kuchipinda kuja. Ankatsegula chitseko pang'ono, kumenya thumba ndi chikhatho ngati akusisita ng'ombe yonenepa, n'kunena kuti, “Ichi n'cha chaka chatha, anzanga. Chatsopano chikadali pabwalo.” Amayiwo ankagwira pakamwa. Ena ankaombera m'manja pang'onopang'ono. Nanenso ndinkanyada, ndikumvera ndili kukhitchini mwana wanga woyamba ali kumsana. Kwathu kumene ndinabadwira, nkhokwe inkatha Khirisimasi isanafike.

Matumba atsopano tinangowasanja kutsogolo kwa akale mpaka pachitseko. Palibe anaganizapo kawiri, chifukwa palibe mwa ife anali atakumanapo ndi funso lakuti tiyambe kudya chiti. Kale chakudya chinkatha chokha chisanakalambe. Choncho tinapitiriza kutapa cha pakhomo, chomwe tsopano chinali chatsopano, ndipo chakale chinatsekeredwa kukhoma.

Itafika nyengo yotentha, amuna anga ali kalikiliki kuthirira nazale za fodya kudambo, tsiku lina m'mawa ndikusesa ndinaona fumbi loyera litatuluka pansi pa chitseko cha chipinda chija. Ndinasesa. Mawa lake linalipo lina. Pakhoma pankayenda tizilombo takuda ting'onoting'ono, ndipo pafupi ndi chitseko pankamveka kafungo kofunda ngati ka gaga wonyowa. Ndinatsamiritsa khutu pa thabwa. Mkatimo munkamveka phokoso laling'ono losalekeza, ngati mvula yowaza ikugwa pa udzu wouma. Anali anankafumbwe, akudya.

Ndinathamangira kudambo kukauza amuna anga. Anatsitsa keni yothirira n'kukanda mutu.

“Mukawauze ndinu, amake mwana,” anatero. “Ine ndikangotchula chipinda chimenecho amati ndikufuna kugulitsa chimanga.”

“Ine mtengwa ndikayambire pati?”

“Inu amakumverani. Simunawapemphepo kiyi.”

Ndinabwerera ndikuganiza njira yonse. Nditafika ndinangowola fumbi lija pamodzi ndi tizilombo take n'kuika m'mbale. Apongozi anali pakhonde akusenda mtedza. Ndinagwada n'kuwaikira mbaleyo patsogolo.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anatapa pang'ono n'kutikita ndi zala.

“Mwazitenga kuti, mwananga?”

“Pansi pa chitseko chanu, amayi.”

“Koma mankhwala tinathira.”

“Tinathira chaka chatha, amayi. Mwina mphamvu yake inatha. Ndiponso haibulidi ndi wofewa, sachedwa kufumbwa.”

Anagwira kiyi wa m'khosi uja. Ine ndinaganiza kuti ndawanyoza. Kenaka anadzuka, kusasa makoko a mtedza pachitenje, n'kunena kuti, “Loweruka titulutse zonse. Ndione ndi maso anga.”

Loweruka tinalawirira kudakali kozizira. Amuna anga anaitana bambo wina wa pa esiteti yoyandikana nafe kuti adzathandize kunyamula. Anali tenanti wochokera ku Phalombe, wolima fodya wa mwini esiteti, ndipo anabwera ndi mkazi wake ndi ana awo. Mayiyo ndinkadziwana naye kuchitsime. Tinayala mphasa ndi masaka pabwalo lonse, malichero tinabwereka kwa anansi.

Matumba a kutsogolo anatuluka olemera bwinobwino, ndipo apongozi ankabaya lililonse ndi chala n'kugwedeza mutu mokhutira. A pakati anali atayamba kulowedwa. Koma atafika kukhoma, bambo wa ku Phalombe uja anakonzeka kunyamula ndi mphamvu zonse, thumba n'kungonyamuka ngati la thonje, mpaka anadzandira. Lotsatira linang'ambikira pamutu pa amuna anga ali pakhomo penipeni. Fumbi linati kobo, ndipo atatulukamo anali oyera kuyambira tsitsi mpaka zikope, maso okha akuphethira. Ana anagwa pansi ndi kuseka. Ine ndinayesa kubisa nkhope m'chitenje, koma zinakanika. Ndinacheukira apongozi mwamantha, n'kupeza kuti nawonso mapewa akugwedezeka.

“Mwana wanga wakalamba tsiku limodzi,” anatero akupukuta misozi.

Kuseka kumeneko kunatimasula tonse. Tinakhuthula matumba akale pamphasa n'kuyamba kupeta. Anankafumbwe ankathawa dzuwa, akubalalika mbali zonse, ndipo nkhuku za mudzi wonse zinamva mbiri. Zinabwera ndi anapiye awo, ngakhale nkhanga za kwa aneba, ndipo panalibe wozipirikitsa chifukwa zinkatigwirira ntchito. Amayi ena odutsa popita kuchigayo anatula mitolo yawo n'kutenga malichero. Posakhalitsa pabwalo panali ngati pa ukwati. Tikupeta tinaona kuti sizinaonongeke zonse ayi. Matumba a pakona okha ndiwo anali atasanduka fumbi ndi makoko. Ambiri anali ndi njere zoboola pang'ono koma zodyeka, bola zipite kuchigayo msanga.

Dzuwa litakwera, amuna anga anaitana ali m'chipinda muja. Kuseri kwa thumba lomaliza anapeza bokosi lachitsulo, lija ankapita nalo ana kusukulu zogonera komweko, litafundidwa chiguduli. Analitulutsa awiri ndi bambo wa ku Phalombe uja, likulemera. Apongozi anadzuka msanga.

“Limenelo lisiyeni.”

Koma nthawi yomweyo kabaza anaima pamsewu, n'kutsikapo mlamu wanga wa ku Lifupa, chikwama chili m'manja. Palibe ankamuyembekezera. Anayang'ana bwalo, anayang'ana mchimwene wake woyera mbuu, kenaka maso ake anagwera pabokosi.

“Bokosi langa la kusukulu,” anatero. “Amayi, munandiuza kuti linadyedwa ndi dzimbiri.”

Mlamu wanga sankaopa mayi ake monga tinkachitira enafe. Anagwada, kupereka moni, n'kutsegula bokosilo asanavule ndi nsapato zomwe. Tonse tinaunjikana.

Munali sitolo. Zitini za nsomba zosanjikizana, zitini za mkaka wa ufa, majarini, mabotolo a mafuta ophikira, jamu wofiira, masamba a tiyi, mpunga wonunkhira m'mapepala ake, ndi shuga wouma gwa ngati mwala. Zina zinali zimene amuna anga ankagula ku Kasungu akagulitsa fodya, zina zimene mlamu ankabweretsa akabwera kutchuthi. Ife tinkaganiza kuti apongozi amadya okha m'chipinda mwawo, ndipo sitinkafunsa. Iwo sanatsegulepo ngakhale chimodzi.

“Amayi, jamu uyu si uja ndinabwera naye mwanayu asanabadwe?” anafunsa mlamu akuloza mwana wanga, yemwe tsopano ankayenda.

“Ndi yemweyo.”

“Nanga osadya bwanji?”

“Ndimasungira tsiku.”

“Tsiku liti?”

“Loipa,” anatero apongozi, maso ali pansi. “Inu simudziwa. Limabwera osagogoda.”

Mayi wa ku Phalombe anagwedeza mutu kuvomereza, poti nayenso analiona tsikulo. Mlamu anafewetsa mawu. Anatenga chitini chimodzi, kuchitembenuza, n'kuwaonetsa timanambala tolembedwa kunsi kwake. Anafotokoza kuti chakudya chilichonse cha m'sitolo chimabwera ndi mwezi ndi chaka chimene chiyenera kukhala chitadyedwa, ndipo kukhitchini kumene amagwira ntchito, katundu watsopano akafika amamuika kumbuyo, wakale n'kumukokera kutsogolo kuti ayambe kutha ndiye.

Apongozi anachilandira chitinicho n'kuchiyang'anitsitsa, ngakhale kuwerenga ankangodziwa pang'ono.

“Ndani anachiuza chitini tsiku lake lofera? Ine wanga Mulungu sanandiuze.”

Anthu anaseka, koma iwo ankafunsa zenizeni. Sanakhulupirire mpaka mlamu atatulutsa chitini china cha nsomba cha pansi penipeni, chotupa mbali zonse ngati chule. Amuna anga anachitengera pachulu, kutali ndi anthu, n'kuchibaya ndi mpeni. Chinalira ngati tayala la njinga likuphwa, ndipo fungo lake linafika pabwalo mphepo isanaombe n'komwe. Galu wathu, yemwe ankadya chilichonse, anathamangira komweko, kununkhiza kamodzi, n'kubwerera mchira uli pakati pa miyendo.

“Ngakhale galu,” anatero apongozi motsitsa.

Atatero anakhala pamphasa, miyendo tambalale, n'kuuza mlamu kuti aziwerenga chimodzichimodzi. Mlamu ankatenga chinthu, kuwerenga, n'kulengeza ngati wogulitsa fodya ku okushoni. Zimene zinapitirira kalekale zinkapita kudzenje. Majarini anali atasanduka wachikasu kwambiri ndi kununkha, ndipo amuna anga anamupempha kuti akapake mawilo a ngolo. Zingapo zinali ndi nthawi yaitali ndithu. Koma mulu waukulu unali wa zinthu zimene zinatsala ndi mwezi umodzi kapena iwiri: nsomba zambiri, mkaka, jamu uja, botolo la mafuta. Nthawi iliyonse mlamu akati, “Ichi chikadali moyo,” ana ankadumpha.

Apongozi anauyang'ana muluwo.

“Ndiye mukuti izi zili pafupi kufa?”

“Ee, amayi.”

“Zonsezi?”

“Zonsezi.”

Anadzuka, kumanga chitenje mwamphamvu, n'kunena kuti, “Basi, zifere m'mimba mwathu. Amake mwana, sonkhani moto. Malo awiri.”

Sindinaonepo phwando lopanda mwini ngati limenelo. Panalibe ukwati, panalibe chinkhoswe, panalibe mlendo wolemekezeka. Tinaphika mpunga wonse mumphika waukulu wa pamaliro umene tinakabwereka. Mlamu anakazinga anyezi ndi tomato n'kukhuthuliramo nsomba za m'zitini, fungo lake n'kuitana ngakhale anyamata amene ankadutsa ndi ng'ombe. Mayi wa ku Phalombe anati kwawo mafuta ochuluka chonchi sangawaonerere, ndipo anatuma ana kukathyola nthochi zakupsa n'kuyamba kukazinga zitumbuwa. Shuga tinachita kumuswa ndi munsi mumtondo. Tiyi anali woyera ndi mkaka mpaka supuni inkatuluka itavala.

Tinadyera pansi pa mtengo wa mango, matumba atatizungulira, aliyense fumbi lili m'tsitsi. Jamu tinalibe buledi womupaka, ndiye tinkapaka pa zitumbuwa. Ana a tenanti uja anali asanamulawepo, ndipo wamng'ono atalawa anatseka maso ngati akupemphera. Apongozi anamuona. Anatambasula dzanja, kutenga botolo, kupisamo chala, n'kulawa nawonso. Anakhala kanthawi chala chili m'kamwa.

“Zaka zonsezi ndimagona khoma limodzi ndi chinthu chimenechi,” anatero.

Anapisanso kachiwiri. Kenaka anayamba nyimbo ya kutchalitchi yothokoza, ndi mawu awo okwera aja, amayi onse n'kulandira, ena pakamwa pali mafuta.

Madzulo asanafike tinagawa chimanga chopetedwa chija. Apongozi anati sitingathe kuchidya tokha chisanafumbwenso. Banja la ku Phalombe analipatsa gawo lalikulu, podziwa kuti miyezi imeneyo phoso la pa esiteti limakhala lopereweza. Bamboyo anayamba kukana mwaulemu, koma iwo anamudula. “Mukachisiya pano mwasiyira anankafumbwe. Sankhani nokha woti adye.” Amayi onse amene anapeta anapita ndi kanthu pamutu. China tinachigayitsa n'kuphika thobwa wa Lamulungu, ndipo zofumbwa kwambiri zinanenepetsa nkhumba za aneba.

Lolemba tinayamba kukonza chipinda. Tinasesa mpaka kudenga, kumata ming'alu ya m'khoma, n'kuchisiya chotsegula kuti chipite mphepo. Amuna anga anabweretsa mikangala, mitengo ija timayanikapo fodya, n'kukhoma nsanja zazifupi kuti matumba asagunde pansi kapena khoma. Pakati tinasiya kanjira koti munthu azifika mpaka kumapeto. Mankhwala atsopano tinakagula ku Chamama ine ndi mlamu, ndipo m'sitolomo anandigwira dzanja ndisanalipire, kuti ndiyambe ndatembenuza botolo. Linalinso ndi tsiku lake. Ndinadabwa kuti zaka zonse ndinkagula zinthu osayang'ana kunsi.

Apongozi ndiwo anatulukira njira ya nsanza. Anang'amba chitenje chawo chakale chofiira n'kumangirira kansanza pakamwa pa thumba lililonse loyenera kuyamba kudyedwa, ndipo matumba amenewo anakhala pafupi ndi chitseko. Analamula kuti tiyambe tamaliza haibulidi yense, chifukwa chamakolo n'cholimba, chingathe kudikira m'nkhokwe ndi makoko ake mpaka nthawi ya mvula. Atayamba sanafune kuima. Anatsitsa zikwatu za mfutso zimene zinkalendewera kukhitchini, kuzinunkhiza, n'kupeza kuti zina n'za chaka cha dzana. Nyemba za mumtsuko anazikhuthula, zakale n'kuziika pamwamba. Anandiletsa kugayitsa mgaiwa wambiri nthawi imodzi, poti umawawa ukakhalitsa. Zitini zotsala anazisanja pawindo la m'chipinda mwawo motsatana, choyamba kufa chili kutsogolo, ndipo aliyense wodziwa kuwerenga akabwera pakhomo ankamupempha kuti awawerengerenso, kuopa kuti mlamu analakwitsa.

Mitambo itayamba kusonkhana chakumadzulo, tikumaliza kuunga mizere, apongozi anabwera kumunda atabisa kanthu m'chitenje. Anandiitanira pambali. Linali paketi la mbewu ya chimanga ya kuponi ya chaka chatha, yopakidwa mankhwala obiriwira, imene anaibisa pansi pa matiresi.

“Nayonso ili ndi tsiku?” anafunsa monong'ona.

Ndinalitembenuza. Tsiku linalipo, ndipo linali litadutsa. Nkhope yawo inagwa.

“Koma mbewu si nsomba, amayi,” ndinatero. “Tiifunse yokha.”

Tinatapa njere zodzaza dzanja, kuzikulunga m'chiguduli chonyowa, n'kuziika pamthunzi kuseri kwa mtsuko wa madzi. Ndinawauza kuti tidikire masiku angapo. Iwo sanathe. M'mawa ankakafunyulula, masana ankakafunyulula, mpaka amuna anga anati mbewuzo zichita manyazi. Tsiku lina ndikuchokera kuchitsime ndinawapeza atakhala pakhonde, chiguduli chili pamiyendo, akumwetulira. Njere zambiri ndithu zinali zitatulutsa timizu toyera, zina zili duu.

“Zaulesi zilipo, koma zamoyo zachuluka,” anatero. “Tiziponya zitatu paphando m'malo mwa imodzi.”

Mvula yoyamba inagwa usiku wa Lachinayi, ndipo kutacha dothi lonse linkanunkhira. Tinapita kukamunda ka kuseri kwa chigafa, amuna anga patsogolo akukumba mapando, ine pambuyo ndikukwirira ndi phazi, mwana ali kumsana. Apongozi anali pakati ndi mbale ya mbewu, zala zitabiriwira ndi mankhwala, akuponya mofulumira moti khasu linkawachedwetsa. Ankangoti, “Changu, bambo, changu, dothi lisaume,” mpaka tinafika kumapeto kwa munda mbale ili mbee.